Botolo lomwe bambo akudikira

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kaya chifuwa cha mayi chija chinatha? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwanding'amba milomo.

Unafunsa kuti kwenikweni ndimagwira ntchito yanji. Usaseke. Ndimathyola masamba m'nyumba yagalasi, kuwayanika, kenako kuwapera pamakina. Ufa wakewo amaunyika m'mabotolo mpaka madzi abiriwire. Ndinkati ndathawa khasu, koma taona, ndikuthirira mbewu nditavala chovala choyera ngati dokotala!

Madziwo amawadonthezera m'timbale tagalasi momwe amawetamo maselo a khansa yapakhungu. Eetu, amaweta, kuwadyetsa ndi kuwasunga pofunda ngati anapiye. Tsiku lina abwana athu ofufuza, mayi wamfupi wokonda kuseka, anandilola kusuzumira pamakina oonera tinthu ting'onoting'ono. M'mbale ina maselo anali tho, m'mbale yothiridwa madzi a masamba anali atafota. Ndinangoti kukamwa yasa. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti kodi tsamba limadziwa bwanji choti liphe.

Pomwepo ndinawapempha kuti andigawireko kabotolo ka bambo. Ndinawafotokozera za chilonda chakuda cha kuphazi chija, ndi zomwe unandiuza, zoti bambo akukana kuti achipatala achichotse, ati mwana wawo akupanga mankhwala ndiye adikira omwewo. Kuseka konse kunatha. Anati kupha khansa m'mbale n'kosavuta, ngakhale sopo amaipha. Chovuta n'kuipha m'thupi, munthuyo n'kutsala wamoyo. Anati ngakhale iwo sakudziwa ngati madziwa adzakhale mankhwala, ndipo akadzatero padzakhala patadutsa zaka zambiri.

Kenako anapinda malaya n'kundionetsa chipsera pamkono. Nawonso khansayi inawagwirapo! Mabotolo onsewa makiyi ake amasunga ndi iwo, koma anathamangira kuchipatala kukadulidwa. Akuti ikachotsedwa msanga ambiri amachira, koma ikalowa m'kati zimavuta.

Mlongo wanga, ndili ndi mantha. Pempho langa ndi limodzi: sabata yomwe ino upite nawo bambo kuchipatala. Paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Akavuta, uwawerengere kalatayi pang'onopang'ono. Uwauze kuti zimandisangalatsa kuti amandinyadira pagulu, koma mwana wawo amangothyola masamba, ndipo botolo lomwe akudikiralo silibwera.

Undiperekere moni kwa mayi, amalume, azakhali, alamu ndi ana onse. Bambo ukawakhalire pafupi pa benchi yodikirira, usawasiye okha, umawadziwa akaona khomo lotsegula.

Tsalani bwino nonse,

Ine mlongo wako,
Wamasamba