Phiri Limene Kuli Yohane

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Nampulako. Kuno ku Chigumula tilipo, koma ine chakudya sichikutsika chifukwa cha mwana wanga Yohane amene anasowa uja.

Lachiwiri mumsika wa Limbe ndinakumana ndi bambo wina wogulitsa nsomba zouma, amene wangobwera kumene kuchokera kumpoto kwanuko. Nditawaonetsa chithunzi cha Yohane anati, "Mayi, mnyamatayu ndinamuona. Akudwala kwambiri, ali m'chisakasa cha asodzi patsinde pa phiri la Nikhwani, m'mphepete mwa nyanja yamchere."

Ndinathamangira ku Chitawira kwa mwana wanga wamkazi Esinati. Tinafufuza pamapu a pafoni mpaka batire kutha, dzinalo osalipeza. Ndinabwerera kwa bambo aja ndikulira. Iwo anati limenelo ndi dzina la asodzi, poti phirilo ndi limene limawalondolera akamabwerera kumtunda. Alimi okhala kuseri kwake amalitchula mwina, ndipo la pamapu ndi lomwe anasiya Apwitikizi, limene bambowo salidziwa. Akuti ukakhala panyanja limaoneka la nsonga ziwiri, ina yopendekeka. Msewu sufikako, amapitako pangalawa basi.

Chonde achimwene, ndagwira mwendo wanu. Musataye nthawi ndi madalaivala kapena a m'maofesi. Pitani kugombe mukafunse asodzi.

Mulungu akutsogolereni. Mukamupeza wamoyo, musakamukalipire kuti anachoka osatsanzika, mungobwera naye. Mukakapeza kuti mwachedwa, mundilembere mayina onse atatu a phirilo, kuti aliyense wondifunsa ndizimuuza kumene kwagona mwana wanga.

Ndine mlongo wanu,
Agnesi