Amayi Ayambanso Kulankhula

Bambo a Sofiya,

Pepani, simundipeza pakhomo, ndathamangira kwa amayi anu ku Yofu. Mlongo wanu Cathy waimba foni akulira. Amayi anu, amene chimwalirire mng'ono wanu Jeremy sanatulutsepo mawu, wawapeza m'mawa uno atagwada pamphasa, akupemphera mokweza. Akuti amanena kuti, "Ambuye, mwanayu munangondibwereka, mwamutenga. Kufuna kwanu kuchitidwe." Atatha apempha phala.

Ife timangopempherera kuti azidya, koma Mulungu wawabwezera ndi mawu omwe.

Usipa wapserera ndili pa foni, mudye womwewo, musandinene. Mukadya mutsekere mbuzi m'khola, mubwere msanga. Amayi akufunsa za inu, ndipo akukutchulani dzina lanu laubwana lija.

Ndine amake Sofiya