Tupa ya mkamwini wanu

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko?

Ine kuno kutsidya kwa nyanja ku Thamesmead nkhani ikundiyabwa pakamwa, koma ndiyambe ndi zina. Mdzukulu wanu Tadala anachira, mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Nkhwani womwe ndinadzala m'ndowa pakhonde nkhono zamaliza.

Tsono za mkamwini wanu, aPhiri. Mutangotisiya anadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kufooka. Munthu uja munkamutcha wa manja oyabwa, amene anamasula wailesi yanu ili bwinobwino, anangokhala pawindo kuyang'ana mabasi. Osaseka, osadandaula, ngakhale mchere uwawe m'ndiwo. Kuchipatala anawapatsa kampira kofinya, iwo n'kukaponya kuseri kwa mpando. Ine namwino wodzutsa odwala a eni, wangawanga kundikanika! Ndinkaopa kuti ndiwataya akupuma, Amayi.

Tili ndi mnansi, mzungu wachikulire, aDenisi. Musaseke: amatolera tizitsulo tomwe tinkagwira galasi loonera kutali pamwamba pa mfuti za nkhondo yakale, ija anamenya agogo ku Burma. Atamva kuti aPhiri ankasula zitsulo kunjanji ku Limbe, anabwera ndi kamodzi kothyoka mwendo, kofunika kupanga kena kofanana nako. APhiri anakatembenuza, n'kunena kuti, "Amene anawotcherera apa ndi mbuli." Mawu onse a mwezi umenewo anali amenewo.

Ine ndinakana. Za mfuti m'nyumba mwanga? Amayi a Mvano adzati chiyani? ADenisi anandifotokozera kuti mfuti zimakhala zokhomeredwa ku kalabu kwawo koombera mfuti, kuno kubwera chitsulo chokha. Ndinalola monyinyirika.

Vaisi yopanira zitsulo anamanga patebulo langa lodyera. Tupa anagwira ndi dzanja lamanzere, lodwala lija analisanjika pamwamba kuti lizingolemeretsa. Zitsulo zoyamba zinapita kudzala, china anachiponya kukhoma. Ndikafuna kulankhula ndinkakumvani mukuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chabwino chitatheka, pochidetsa kuti chioneke chakale anachiwotcha n'kuchiviika mu oilo, m'poto wanga wa nyemba! Utsi tolo, belu lochenjeza za moto kulira, anansi kutuluka ndi matawulo.

Loweruka tinapita kokayesa, kunja kwa tauni. Mayeso ake ndi awa: amamanga galasi pamfuti ndi chitsulocho, amaombera chandamale, amachotsa galasi, amalibwezera, n'kuomberanso. Chipolopolo chikasochera, ndiye kuti chitsulo n'cholakwika. Ndinkadziwa kuti chikasochera aPhiri abwerera pawindo paja. ADenisi anaomba, ine maso nditatsinzina, makutu atatsekedwa. Atabweretsa pepala la chandamale, mabowo anali ogundana! Amayi, ndinaimba nthungululu pakati pa azungu, wina mpaka kutaya tiyi.

Koma chachikulu chachitika lero m'mawa. Ndimapukuta tebulo, n'kusuntha tupa yawo. Ndinangomva, "NaBanda! Ndani wakuuzani kuti mugwire zida zanga?" Chala chondiloza chinali cha dzanja lamanja, chikunjenjemera koma chili chilili. Andikalipira, Amayi! Ndinalira, ndinaseka, ndinawakumbatira, iwo akupitirizabe kukalipa.

Chaka chamawa tikubwera kudzamanga chiliza chanu, ndalonjeza. Mtanda sitigula. APhiri akuti asula okha ndi manja onse awiri, kulipira wailesi yanu.

Ndimakukondani,
Ine mwana wanu,
Esnati