Mtsikana wa pa Chithunzi cha Bungwe

Lolemba, 3 Febuluwale 2025

Mvula kuyambira m'mawa. Ku loji alendo awiri okha, mashiti anayi, teni isanakwane ndamaliza kuchapa. Ba Mweetwa, kapitawo wathu: "Ada, mailo usabwele, tizakuitana." Ndiye kuti mawa ntchito kulibe. Chaka chachisanu, ndikadali waganyu.

Kunyumba ndapeza mlendo. Ba Miyoba, a ku bungwe lija linkapatsa amayi ndalama mwezi ndi mwezi bola ine ndisajombe kusukulu. Akuti akufufuza komwe atsikana a pa mndandanda wawo tinathera. M'chikwama mwawo chithunzi changa cha Giredi 8. Yunifolomu yatsopano, mano onse pamtunda.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Mafunso a ba Miyoba, masamba sikisi. Giredi 12 munamaliza? Inde. Munakhoza? Kwambiri. Koleji? Malo a unamwino ndinapeza, fizi ndiye ayi, thandizo linathera pa geti la sekondale. Muli pantchito? Kabokosi ka inde, kabokosi ka ayi. Ka munthu wochapa mashiti masiku atatu pa sabata kulibe.

Anachonga inde.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Potuluka m'tchalitchi ndakumana ndi Nalishebo. Tinali kalasi limodzi, iye anamufufuta pa mndandanda atatenga mimba mu Giredi 9. Lero ali ndi tebulo lake la ziboliboli ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, wanenepa, amaseka mokweza. "Bwela tigulise pamozi, Chizungu uli nacho."

Ndawauza amayi. "Mwana wa satifiketi kumakuwira azungu pamsewu? Mu Libuyu muno ndiyenda bwanji?" Kuchapa alibe nako vuto. Kumachitikira kuseri kwa mpanda.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Foni ya ba Miyoba. Lachinayi kuli msonkhano ku hotela, kubwera eni ndalama ochokera kunja. Akufuna ndikalankhule. Mawu andilembera kale: ndinaphunzira, tsopano ndikugwira ntchito m'gawo la zokopa alendo.

Ndinakana. Amayi sanakweze mawu, anangopitiriza kusadzula repu. "Chantel ali pa mndandanda womwewo. Akatseka, sukulu umulipirira ndiwe?"

Chantel, mng'ono wanga. Giredi 9, mutu wakuthwa kuposa wanga.

Komanso bodza lake lili pati? Sukulu ndinapitadi. Nsapato ndinavala, njala ya masana sindinaidziwe. Popanda ndalama zija mwina bwenzi atandikwatitsa kalekale. Anandikweza pamtengo, makwerero n'kuchotsa. Ndiwathokoze kapena ndilire?

Lolemba, 17 Febuluwale

Ku loji zii. Sanandiitane. Ndasesa pakhomo, ndasesanso. Ndawaimbira ba Miyoba. Ndavomera.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Ndalankhula. Diresi yobwereka kwa Nalishebo, yothina m'khwapa. Kumbuyo kwanga chithunzi chija, chachikulu ngati chitseko. Ndawerenga zonse monga analembera, osaphonya liwu. Anawomba m'manja, mayi wina wachizungu mpaka misozi. Ine maso pa nsalu ya patebulo, panali banga la tiyi lomwe wochapa wawo analephera kuchotsa. Ndikanamuuza, mandimu ndi mchere.

Pondiperekeza ku geti ba Miyoba anatsitsa mawu: "Pa imwe bonse fote, bali na nchito yeniyeni ni batatu chabe. Naine yanga isila mu Juni."

Ntchito yawonso ikutha. Ndinafunsa ngati zimenezo azilemba mu lipoti. Akuti zilimo, tsamba lakumapeto.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Chantel waona kanema wa dzulo pa foni ya aphunzitsi ake. Akuti kalasi lonse linaonera. Wafika akuthamanga, matope mpaka m'mawondo.

"Ba Ada, nifuna kunkala monga imwe!"

Ndamukalipira. Zoti wadetsa masokosi, zoti sopo sagwa kumwamba. Mawu anga ndinkawamva ngati a munthu wina. Wapita kukalira kuseri kwa bafa, sakudziwa chomwe walakwa.

Ndaimirira kawiri kuti ndimutsatire. Ndikamuuza chiyani, asiye kuwerenga?

Lolemba ali ndi mayeso. Ndamusongolera mapensulo onse awiri.