Uthenga wa Maliro Wopita ku Jeremani

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji?

Kuno ku Nachisaka tilipo. Mlongo wanga Nabanda wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Chimanga cha m'munsi mwa phiri chacha bwino, ngakhale anyani akolola nafe. Denga la nyumba yanu lagwa. Malume akuti afolera, monga ananenera chaka chatha.

Ine ndikuphunzira Chijeremani. Musaseke. Kunkhondo kuja, ndili wa tengatenga, wonyamula katundu wa asilikali, tinanyamula pamachila Mjeremani wovulala amene asilikali athu anamugwira. Kwawo anali mphunzitsi. Tinkamvana m'Chiswahili chothyokathyoka. Anafera panjira, tinamuika patsinde pa mkuyu. Anandisiyira kabuku kamene ankaphunzirira Chiswahili, ndipo ine ndikukawerenga chobwerera, kuchoka ku Chiswahili kupita ku chilankhulo chake. Keyala ya amayi ake ili pachikuto.

Amayi, chilankhulo ichi anachiluka ngati nkhokwe ya mmisiri, chopanda mpata wolowera khoswe. Nthawi zambiri mawu onena chimene chachitika amadza kumapeto, ndiye munthu sungamudule pakamwa. Paja munkandiuza kuti, "Yohane, tseka pakamwapo, mnzako amalize." Mukanachikonda. Ali ndi "iwe" wawo, ali ndi "inu" wawo, osati Chingerezi chija choitana mkulu ndi galu ndi liwu limodzi. Mawu ake amasintha malaya malinga ndi ntchito imene akugwira. Ndalimbana nawo dzinja lonse, andigwetsa kambiri, koma sanandinamizepo.

Tsono mzungu wa ku mishoni, yemwe ndinakangana naye mpaka kusiya sukulu ya uphunzitsi, wanditumira mawu. Akuti ndibwerere ndikamalize, bola ndipereke buku la adani litenthedwe. Anzanga amene ndinkawathandiza masamu lero akuyenda m'majekete, ine khasu. Zimandiwawa, sindikubisirani.

Koma mayi wa Mjeremani uja sanauzidwe maliro. Kwathu maliro timatumira munthu, afike, akhale pansi, anene mwaulemu. Za imfa yanu ine ndinamva pamsasa, miyezi itapita, kwa munthu amene ankandipempha fodya. Anangotchula modutsa, natambasula dzanja. Sindifuna kuti mayi wa mwini amve chotero, kapena azingoyang'ana kunjira mpaka kufa. Tinamuika mwana wake ndife anayi, ndipo wodziwa kulemba ndine ndekha.

Dzulo ndinapita ku mishoni, ndinawayankha kuti ayi. Sindinatukwane, mukanadabwa. Uphunzitsi wapita basi.

Kalata imene ndikulembera mayi uja m'Chijeremani yafika mizere isanu ndi umodzi. Ndalemba kuti mwana wawo anamwa madzi, kuti sanafe yekha, kuti tinamutseka maso. Mawu onena kuti tinalira ndikuwafunabe, kabukuka kali ndi mawu ambiri olamulira antchito kuposa achisoni.

Ndimakukondani, amayi. Ndikulonjeza kuti kalatayo ndidzaimaliza, ndikaipereke ndekha ku boma ku Dowa, ndipo ndidzaima pomwepo mpaka ilowe m'thumba la mtokoma ndikuona.

Ndine mwana wanu,
Yohane