Nambala ya pa Injini ya Ababa

Lolemba, 9 Juni

Kwatsala masiku asanu kuti chionetsero cha magalimoto akale chichitike. Kunja kwa galimoto ndamaliza, zatsala ndi za m'boneti, momwe oweruza amakakamira kwambiri. Safuna kuonamo kanthu katsopano. Mawaya akhale okutidwa ndi nsalu, mabawuti a mitu yachikale, penti yobiriwira monga inachokera kufakitale. Ababa anatha zaka makumi awiri akutolera tinthu timeneti. Chiwagwireni sitiroko, ntchito yonse yagwera ine. Iwo amangokhala pampando pakhomo pa galaja, dzanja lamanja lili gone pamwendo, n'kumandiloza ndi ndodo ndikalakwitsa.

Masana ndimapala penti yakale pambali pa injini, pamene pali nambala. Mpeni unalowa m'kanthu kofewa. Phala lija lomatira zibowo. Nditalichotsa ndinapeza kuti chitsulo chinapalidwa ndi gilainda mpaka kulowa m'kati ngati kambale, ndipo nambala inadindidwa pamenepo. Manambala ake ndi opendama, 7 womaliza ndi wozama kuposa anzake. Fakitale sidinda choncho.

Ndinaphimbapo ndi chiguduli. Ababa ankawodzera, kapena ankangonamizira.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndayang'ana m'mapepala a galimoto. Nambala ikufanana ndi yodindidwayo. Ndiye kuti wina anafufuta nambala yeniyeni ya injiniyi n'kulembapo yathu. Injini si ya galimotoyi. Nanga ndi ya yani? Munthu safufuta nambala pa chinthu chimene anachipeza bwino.

Mkulu wa oweruza ndi mdala uja timamutcha Katochi. Amayenda ndi tochi ndi kagalasi ka pandodo, amasuzumira ndi pamene mphemvu sifika. Chaka chatha anagwira nambala yabodza pa galimoto ina yofiira. Sanakweze mawu n'komwe. Mwini wake anatuluka pabwalo ali pakati pa apolisi awiri, anthu akujambula ndi mafoni.

Ndawaimbira achimwene. Akuti, "Matapo phala, penta, tseka pakamwa. Zaka zonsezi waona ndani?" Ndawauza kuti Katochi amagogoda ndi chikhadabo, phala limamveka. Akuti, "Ndiye usapiteko." Kuyankhula n'kosavuta munthu uli kutali. Suti ya Ababa inasitidwa kale sabata yatha, ili lende pachitseko. M'mawa uliwonse amailoza.

Lachitatu, 11 Juni

Ndatsegula chitini cha phala, ndachitsekanso. Galimoto iliyonse ikaima pageti ndikumathamanga kukasuzumira.

Lachinayi, 12 Juni

Ndinawapeza Amayi akuyanika zovala kuseri. Ndinangoti, "Amayi, injini ija ndi ya yani?" Anamaliza kaye kuyanika shiti yonse, n'kukhala pandowa.

Akuti Ababa ndi mng'ono wawo anali ndi magalimoto ofanana, anagula chaka chimodzi. Bambo aang'onowo sindinawaone, anafa pangozi ya galimoto yawoyo ine ndisanabadwe. Maliro atatha, mayi aang'ono anati sakufuna kuionanso galimotoyo, ipite kwa ogula zitsulo, ndipo anatuma Ababa kuti aikokere kumeneko. Nthawi imeneyo n'kuti injini ya Ababa itang'aluka. Anasinthanitsa, n'kudindapo nambala yawo. Yong'alukayo inapita kuzitsulo, ya malemu inatsala m'galaja muno. Sanapemphe, sanauze munthu, kupatula Amayi patapita zaka.

"Akuti ankafuna azimva injini ya mng'ono wawo ikulira m'mawa," anatero Amayi. "Ine ndinati kuba n'kuba, angakhale ulire misozi."

Ndinalowa m'galaja n'kuchotsa chiguduli Ababa akuona. Anayang'ana nthawi yaitali. Pakamwa panagwedezeka, mawu akukanika monga mwa masiku ano. Kenako anatulutsa amodzi okha: "Mng'ono." Ndinawapukuta kumaso ndi malaya anga, ndinawasiyira girisi patsaya.

Ndikuopa apolisi, inde. Koma ndikuopa kwambiri kuti akawachititsa manyazi pagulu, mtima wawo supirira kachiwiri.

Lachisanu, 13 Juni

Ndapita kwa mayi aang'ono, kushopu kwawo kosokera zovala. Njira yonse ndimayeseza mawu, nditafika onse anabalalika. Ndinafotokoza mosokoneza, iwo akupalasa makina. Nditatchula injini phazi linaima.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu," anatero. "Timakumana m'maliro, m'maukwati, bambo ako amandipatsa moni ndi manja awiri. Chonsecho ali nayo m'nyumba."

Ndinapepesa. Anangofunsa kuti chionetserocho chili kuti, nthawi yanji. Nditawauza anayambanso kupalasa, osandiyang'ananso. Ndinatuluka osadziwa ngati ndatsanzika.

Mwina ndaputa mavu. Akabwera mawa kudzakalipa pamaso pa anthu, ndiye kuti Ababa ndawapereka ndine.

Madzulo ndapenta injini yonse, koma phala sindinamatepo. Chipsera chili poyera, ngakhale wakhungu angachipeze ndi chala. Penti inadontha pa waya, ndachita kupukuta ndi kathonje.

Loweruka, 14 Juni

Tinafika m'mawa. Anatipatsa malo pakati pa mzere, pafupi ndi geti, pamene panaima wapolisi. Ababa ndinawakhazika pambali pa galimoto, mu suti yawo, ndodo pamiyendo. Anthu ankaima, kuyamikira, kujambula. Ine maso anali kugeti.

Katochi anafika cha m'ma 11. Anayamba ndi mawaya, anagwedeza mutu movomera. Mabawuti, anachonga papepala. Kenako analowetsa kagalasi pambali pa injini n'kuyatsa tochi. Anakhala chiweramire. Anapitapo ndi chala kawiri, n'kuweramuka.

"Mayi, injiniyi ndi ya galimoto ina. Mukudziwa?"

Ndinati ndikudziwa. Mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana.

"Inachokera kuti?"

Ababa anayesa kudzuka, ndodo inagwa. Ndikuwerama kuti nditole, ndinaona nsapato zakuda za mayi aang'ono zitaima kumbuyo kwanga. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Anavala diresi ya kutchalitchi, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Ndinatseka maso.

"Ndi ya malemu amuna anga," anatero. "Awa ndi akulu awo. Ili m'manja mwawo ndi chilolezo changa."

Katochi anawayang'ana, n'kuyang'ana Ababa, n'kulemba nthawi yaitali. Anati galimoto ichoka m'gulu la zosasinthidwa, mphoto ya gulu limenelo tiiwale, ndipo Lolemba tikakonzetse mapepala, mayiwa akasaine. Anazimitsa tochi n'kupita pa galimoto yotsatira. Ndinakhala pabampala.

Mayi aang'ono sanawapatse moni Ababa. Anazungulira galimoto, anatsegula chitseko chakutsogolo okha n'kukhala, chikwama pamiyendo. Anasisita dashibodi pang'ono.

"Iwe," anandiitana. "Tailiza."

Ndinailiza. Inagwira kamodzi. Anakhala akumvetsera, maso ali patsogolo. Nditafuna kuzimitsa anandigwira dzanja.

"Isiye kaye. Kawatenge bambo akowo, adzakhale kumbuyoku."