Tsitsi la Waimarie lapita ndi nsomba

Lolemba, 26 Meyi

Waimarie thupi moto, tsiku lachitatu. Bere akukana. Lero ndiye Fraser, mwamuna wanga, waulula. Tsitsi loyamba la mwana, lomwe ndinakulunga m'kansalu kuti tikalikwirire kwathu, iye anatapako. Analimangirira pa mbedza pamodzi ndi nthenga, kupanga kanyambo kooneka ngati kachilombo kouluka. Akuti ku banja lawo amatero mwana akabadwa, n'kukasunga. Koma iye Lachinayi lapitali mtima unamukoka, anakaponya pa dziwe la kumtunda. Nsomba yaikulu ya trauti inakhwatula, ulusi n'kuduka.

Tsitsi la mwana wanga lili m'kamwa mwa nsomba.

Lachiwiri, 27 Meyi

Ku chipatala akuti ndi khutu, atipatsa mankhwala a madzi. Mwina ndi khutudi. Koma kwathu kwa Amaori mutu ndi tapu, wopatulika. Tsitsi siliyandikira chakudya. Nanga nsomba si chakudya? Wina akaigwira n'kuiwamba?

Achemwali anga Ripeka sanamunyengerere Fraser: "Alamu, nthenga zonse zadzaza m'galajamu, inu n'kuona mutu wa mwana? Bwanji osameta ndevu zanuzo?" Iye wangotenga ndodo yake yowedzera n'kutuluka.

Lachinayi, 29 Meyi

Chisanu. Fraser mu mtsinje wa Tongariro kuyambira m'mawa, madzi mpaka m'chiuno. Wagwira zisanu, iliyonse kuisuzumira m'kamwa n'kuibweza. Wabwera milomo ili bii, sitiyankhulana. Kumtunda aletsa kuwedza kuyambira Loweruka usiku, nsomba zikaikire mazira. Masiku awiri basi.

Masana ndinagona pang'ono mwana ali pachifuwa. Ndinalota Waimarie akusambira pansi pa madzi obiriwira, maso ali gwa, tsitsi lalitali ngati la mtsikana wamkulu. Sankalira. Ndinkamuitana koma mkamwa mwanga munkangotuluka thovu.

Chimandiwawa n'choti ndinamukondera zomwezi bambo ameneyu. Mmene ulusi wake umapindikira m'mwamba n'kutera pamadzi mwakachetechete. Tsiku loyamba kumuona ndinaima pa mlatho mpaka basi inandisiya.

Loweruka, 31 Meyi

M'nyumba simunakhalike. Ndamukulunga mwana m'bulangeti, ndapita ku dziwe. Nkhungu pamadzi ngati mkaka, Fraser kuoneka theka lokha, ngati alibe miyendo.

Atationa anatuluka. M'thumba la pamtima anatulutsa kachitini. Mkati kanyambo kakale, katsitsi kofiirira. Lake, ali khanda. Amene anakamanga ndi malemu bambo ake, zaka makumi atatu sikanalawepo madzi. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti kalipo.

Anati, "Mayi a Waimarie, nsomba ija yandikanika. Koma mwanayu asakhale yekha pansi apo."

Anaponya kanayi. Kachisanu madzi anatumphuka, ndodo inapindika mpaka ndinati ithyoka. Iye osakoka. Anatenga kasizasi kolendewera pachifuwa pake n'kudula ulusi. Basi. Anangoima, ndodo ili njoo, mapewa akugwedezeka.

Kaya ndi nsomba yomweyo, kaya ina. Ripeka akamva ati tsopano mitu yalakwiridwa iwiri. Mwina akhala akunena zoona. Ine ndinangomugwira dzanja, lozizira ngati mwala, tinabwerera limodzi.

Panopa wagona pa mpando, nsapato osavula. Kuwala kwa dzuwa kwalowa pa windo. Waimarie wayamba kutakataka, pachipumi thukuta, akufunafuna ndi kukamwa pa malaya anga. Ndisiye kaye kulemba, akuyamw—